Makilo 52 a apongozi a Labo

Labo Selutan wagwira ntchito pabwalo la ndege la ku Long Ramat zaka 19, koma ndege sanakwerepo. Bwalolo ndi kapinga chabe, lalifupi, ndipo kumapeto kwake kuli munda wa mpunga, kenako mitengo italiitali. Ntchito yake ndi kupirikitsa njati zoweta ndege isanatere, kupondaponda kapinga kuti aone ngati akuterera, ndi kuyeza pasikelo chilichonse chokwera: mpunga, nkhuku, abusa. Akayeza amakuwa nambala kuti woyendetsa amve, moti mudzi wonse umadziwa amene wanenepa.

Ena amati Labo ndi wovuta, koma amenewo ndi oiwalaiwala. Chaka china anachita manyazi kuwayezanso aphunzitsi ena amene anakakoleka matumba a mchere m'kati mwa chikhothi atatsika kale pasikelo. Kandegeko kanathamanga bwalo lonse, kanakana kudzuka, n'kukazika mphuno m'matope a mpunga. Sanafe munthu, koma woyendetsa wa nthawi imeneyo anasiya mano awiri m'mundamo.

Ndiye unafika ukwati wa mwana wake Lipang, kutauni ku Tarakan. Mkazi wake anali atatsogola kale. Labo anagula jekete, anadziyeza yekha, makilo 58, n'kukuwa nambalayo monyadira. Mpando wotsala m'ndegemo unali wa apongozi ake, mayi Gerit.

"Mayi, takwerani pasikelo."

"Lembani 52, bambo a Lipang."

"Imeneyo ndi ya liti?"

"Ya chaka chimene ndinakwatiwa. Sikelo yanuyo ndi ya nkhumba, ndipo pakamwa panupo ndi wailesi. Sindikwera."

Labo anawayang'ana bwinobwino. Diresi lawo linali ndi makona, chonsecho munthu sakhala ndi makona.

Kunali kutagwa mvula, ndipo pakati pa shedi ya sikelo ndi ndege panali chithaphwi. Labo anawerama. "Nsapato za ukwatizo zingade, mayi. Bwerani ndikuberekeni." Anavomera mokondwa. Iye anadzandira nawo, analambalala pang'ono ngati akufuna pouma, n'kuima pasikelo ngati akupuma. Muvi unaloza 151. Atachotserapo ake 58 anapeza 93, ndipo kumsana zinkamubaya njerwa za mchere zimene agogowo anamangirira m'chiuno kuti akapatse mdzukulu.

Makilo 41 osawerengedwa, kapinga wonyowa, ndege yodzaza kale. Labo ankaidziwa bwino njira ya kumunda wa mpunga uja. Akanatha kukuwa 93 mudzi wonse ukumva, kapena kuwamasula apongozi mcherewo pagulu. Zonsezo zinamukanika.

Woyendetsa, mayi Yosefina, anasuzumira pawindo. "Angati?"

Labo sanakuwe. Anawatula apongozi pakhomo la ndege, anapita pawindopo n'kunong'ona nambala yeniyeni. Kenako anati, "Ine mundichotse."

"Ndi ukwati wa mwana wanu, bambo Labo. Ndege ina ibwera ukwati utatha."

"Nanga njatizi apirikitsa ndani?"

Kandegeko kanathamanga, kanathamangabe, kanadzuka mochedwa, n'kudutsa mitengo ija mwapafupi kwambiri moti nsonga zake zinagwedezeka. Labo anatsala ali chilili pakapinga ndi jekete lake latsopano, misozi ikutsika. Zinamuwawa zedi, ndipo njati imodzi inali itabwerera kale pabwalo.

Ku ukwatiko mayi Gerit anauza aliyense kuti mkamwini wawo anaopa ndege n'kuthawa. Anthu amamuseka nazo mpaka lero, ndipo iye sanatsutsepo.

Tsiku limene anabwerako, agogowo anatsika m'ndege opanda makona, anayenda molunjika kushedi, n'kuika pasikelo kachidutswa ka keke ya ukwati, kokulunga m'mpango wawo.

"Yezani, bambo a Lipang," anatero osamuyang'ana kumaso. "Mukuwenso, si ndinu akatswiri?"

Labo anayang'ana muvi, umene sunasunthe n'komwe. Anakoka mpweya, n'kukuwa kuti mudzi wonse umve: "52!"