Tsiku limene munandiletsa kukhala chete

Amayi, Allah akuwalitsireni manda. Dzulo ku Ndola Shehe anafunsa mdzukulu wanga Amina ngati akumufuna mwamuna amene akukwatiwa naye, iye n'kuyankha mokweza mpaka tonse tinaseka. Ine mtima unathawira kwa inu, kukomboni ya Wusakile, nthawi ya Chitaganya, pamene abambo anandilonjeza kwa kapitawo wa kumgodi, munthu wamsinkhu wawo.

Ndinu amene munandiphunzitsa kugwada pamaso pa akulu, maso pansi, pakamwa potseka. Koma m'mawa wa tsiku la ukwatiwo munandikokera kuseri kwa nyumba ngati tikukayanika zovala. Munati, "Mwanawe, lero lokha ulemu uja uusiye. Chisilamu chimati mkazi afunsidwe. Shehe akakufunsa iwe n'kungoweramitsa mutu, adzati wavomera. Ngati sukumufuna, nena." Shehe atandifunsa, ndinanenadi kuti sindikumufuna. Shehe anadzuka nati palibe ukwati. Abambo anatha mwezi osakulankhulani, koma simunandidandaulirepo. Patapita zaka ndinakufunsani kuti zimenezi munazidziwa bwanji. Munapitiriza kusita malaya a abambo, osandiyang'ana, n'kungoti, "Ine ndinaweramitsa mutu."