Masamu amene anamumana Ragna

Amene anamulakwira Ragna ndi a Ødegård, mlangizi wa pasukulu yake. Mtsikanayu atawauza kuti akufuna kudzayendetsa ndege zankhondo, anangomuyang'ana manja ake ong'aluka n'kumulembera maphunziro a zansomba. Masamu ovuta anamuchotsera. Akuti mwana wa pachilumba pano amadyera m'nyanja, kumwamba n'kwa mbalame.

Bambo ake anali atamira ndi boti lawo. Mayi ake, a Gunvor, ankatumbula nsomba mufakitale tsiku lonse. Wopita kukakangana analipo?

Atamaliza sukulu anafunsira malo kwa asilikali. Anamubweza asanamuone n'komwe, chifukwa analibe masamu omwe aja.

Kenaka koleji yaikulu ya ku Tromsø inamutenga kuti akaphunzire ulimi wa nsomba, ntchito ikumudikira akamaliza. Panalinso kasukulu ka akuluakulu kutsidya, kongophunzitsa masamu, kopanda dzina, kopanda lonjezo. Akanapita ku Tromsø, pomaliza akanakhala atapyola msinkhu umene asilikaliwo amalandira.

A Gunvor ankafuna Tromsø, ndipo sanabise.

"Nyanja inanditengera mmodzi. Ukufuna kumwamba kunditengerenso wina?"

"Amayi, kolejiyo ndi yabwino, koma ndi ya anthu ena. Sikupita kumene ndikupita ine."

Anasankha kasukulu kaja. Mayi ake anatha masiku osamulankhula.

Kudula malilime a nsomba padoko ndi ntchito ya ana, aliyense akudziwa. Ragna anapempha malo pakati pawo, namwali wamkulu, kuti apeze yaboti ndi yamayeso. Anawo sanamuchitire chifundo.

"Agogo apailoti, ndege mwaimika kuti? Pendani mitu ya nsombayo, mwina iuluka."

Iye ankangodula. Ankawerenga m'boti popita ndi pobwera, mabuku akununkha nsomba. Mayeso oyamba analephera. Anthu m'sitolo anayamba kunena kuti wataya Tromsø chifukwa cha matama. Analembanso, n'kukhoza.

Ulendo uno asilikali anamuitana. Anamuyeza maso, mtima, mutu, anamuzunguza pamakina pamodzi ndi anzake mpaka ena kusanza. Ambiri anabwerera kwawo. Ragna anatsala.

Tsiku lonyamuka, a Gunvor anamulongedzera nsomba youma ndi masokosi aubweya. Sanalire, sanamudalitse. Anangoti, "Ukamadutsa pano usamatsike kwambiri. Magalasi a nyumbayi ndi akale."

Lero akuuluka. Koma zaka zimene anataya palibe wamubwezera, ndipo palibe wapepesa.

Tsono inu amene mukusankha koleji, osataya mtima mukabwezedwa, khomo limagogodedwa kawiri. Komanso musatengeke ndi dzina la sukulu. Kodi munapita kwa eni ntchito imene mukuifunayo kukafunsa zimene amafuna, kapena mwangomvera munthu wokhala padesiki amene sanakuonenipo mukutuluka thukuta? Ndiyankheni.