Ulendo Umene Sindinayende

Lachiwiri, 9 Seputembala. Ndikulemba ndili pakhonde, yunifolomu sindinavule.

Lero ndanama pamaso pa kalasi yonse. Aphunzitsi a mbiri yakale anatifunsa kumene tinapita patchuthi, ndipo anzanga anatchula mayiko akutali. Ine tchuthi chonse ndinali m'nyumba muno m'dera la Al Nahda, kuonerera magalimoto opita ku mzinda wa Sharjah. Itafika nthawi yanga, ndinangozindikira ndanena kale: "Ndinayenda wapansi masiku asanu ndi limodzi m'mbali mwa khoma lakale la Aroma ku England."

Amene anayendadi ndi mabwana a amayi, kumene amalera ana. Ine ndinangoona zithunzi ziwiri pafoni.

Aphunzitsi anasangalala. "Inenso ndinayendako! Chinakuvuta kwambiri n'chiyani?"

"Kutentha," ndinatero. "Masana tinkathawira m'malo odikirira basi okhala ndi AC yoziziritsa mpweya."

Malo oterowo ndi a kuno kotentha kumene tikukhala, koma aphunzitsi anangomwetulira. "Ife mvula inatinyowetsa tsiku lililonse. Lachinayi udzatifotokozere bwino, ubwerenso ndi nsapato zimene unayendera."

Potuluka, mnzanga Mwansa wa ku Zambia anaseka mpaka misozi. "Iwe habibti, wokondedwa wanga, Aroma anaika AC pakhoma? Iwe amene umadandaula kuyenda kuchoka pa sitima ya Metro kufika pageti la sukulu!"

Nanenso ndinaseka, koma manyazi anandigwira. Aphunzitsiwa ndi amene amandibwereka mabuku awoawo, ndipo sindifuna aziti ndine wabodza.

Mawa ndilawirira, ndikawapeze asanalowe m'kalasi, ndikawauze kuti ulendowo sindinayende. Nsapato nazo nditenga, akaone okha kuti kunsi kwake kudakali kwatsopano.