Ana a Patapata Akwere Padenga

Wafaa sankadziwa kukhala phee. Bambo ake, a Sobhi, amene ankasita zovala za anthu kuseri kwa siteshoni mumzinda wa Sohag, ankati mwanayu anabadwa ali kale pa ulendo. Akakhala pansi mwendo unkanjenjemera, akamamvetsera ankatafuna cholembera. M'chaka chake chomaliza cha maphunziro a uphunzitsi anamutumiza kukayeserera ntchito pa sukulu ina ya boma, m'kalasi ya ana 74. Kuti amalize pankafunika chinthu chimodzi chokha: chidindo cha mphunzitsi wamkulu, a Fathi, amene anthu ankawalemekeza ndi dzina loti Ustaz, papepala lake. Popanda chidindocho, anayenera kubwereza chaka.

Zisankho zitayandikira, kalasi imodzi yokha inapakidwa utoto, ndipo inali ya Wafaa. Munthu wina wofuna uphungu ankayembekezeka kubwera ndi ojambula zithunzi. Anthu otere amakumbukira njira ya kusukulu pokhapokha akafuna mavoti.

A Fathi anamuitanira pakhonde, tiyi ali m'manja.

"Mwana wanga, mawa m'kalasi mwako mutsale ana 30, awiriawiri pa desiki. Enawo ukawakweze padenga lakonkire lija mpaka alendo atapita."

"Ndiwasankha bwanji, Ustaz? Potengera mayeso?"

"Mayeso! Tamumvani profesa wathuyu. Uziyang'ana pansi. Wa nsapato akhale, wa patapata akwere. Chithunzi sichifunsa masamu."

"Koma padenga paja dzuwa limaswa mtengo."

"Linapha ndani dzuwa? Pepala lako lili m'dirowa mwanga, likupuma bwinobwino."

Wafaa anabwerera kwawo wapansi, anapitirira pakhomo pawo osazindikira, n'kukatembenukira pa mlatho. Padenga ankapadziwa. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, alendo atabwera kusukulu kwawo, anakhalapo maola atatu, atavala patapata wa amayi ake, akumva anzake akuimba pansi.

M'mawa anaima pakhomo la kalasi, manja ali m'chiuno.

"Lero tilowa ngati mmene timalowera mumzikiti. Aliyense avule!"

Ana anaseka, anakankhana, anavula. Pakhonde panatsala mulu wa nsapato ndi mapatapata zitasakanikirana. Onse 74 analowa, anayianayi pa desiki, ena pansi, ena pawindo.

Mlendo atafika anaima, n'kuyang'ana muluwo. Anayesa kuti ndi mwambo wa pasukulupo, choncho anawerama n'kuvula zake. Ojambula anavula. A Fathi nawonso anawerama, khosi litatupa ndi mkwiyo. Mlendoyo anajambulitsa, ana atamuthinikiza mbali zonse, anapukusa mutu ngati wamva chisoni, n'kulonjeza makalasi asanu atsopano. Mpaka lero sipanafike ngakhale njerwa imodzi.

Magalimoto atachoka, a Fathi anamupeza akuthandiza ana kufunafuna nsapato zawo.

"Wandivula nsapato pagulu, iwe mwana wa wosita malaya!"

"Ana onse anaphunzira lero, Ustaz. Palibe anapsa ndi dzuwa."

"Uziphunzitsa choncho, profesa. Tiona amene adzakulembe ntchito."

Pepala silinadindidwe. A Fathi anati linasowa, kenako anati lapezeka nthawi itatha. Anzake a Wafaa analandira masatifiketi, ena mwa iwo osatha kulemba chiganizo chowongoka pabolodi. Wafaa akubwereza chaka pa sukulu ina kutsidya kwa mtsinje. Amakwera minibasi ziwiri, ndipo yachiwiri ikachedwa sadikira, amayamba kuyenda. A Fathi anakwezedwa, tsopano ndi woyendera masukulu, ndipo sukulu yatsopano ya Wafaa ili pa mndandanda wawo.