Mluzu wa m'galimoto ya aneba

Aneba anga, adokotala a mano, ali ndi galimoto yofiira, yaifupi ngati yagwada, yomwe ikalira mawindo a nyumba yanga amanjenjemera. M'mawa uliwonse amaizungulira manja ali kumbuyo, kenako amagogoda galasi la pachitseko ndi mphete atatchera khutu.

"Galasi silisweka mwadzidzidzi, achimwene," amatero. "Limayamba ladandaula."

Ine ndimangovomera, mtima ukuwawa. Galasi la galimoto yanga, lomwe silitsekeka lonse, ndinalichirikiza ndi kamtengo, ndipo silinadandaulepo.

Loweruka lina anandiitana kuti ndikaone matenda a galimoto yawo. Galasi linatsika monyinyirika, ndipo anandilozera kamng'alu kam'mphepete, kochepa ngati tsitsi, ndi pakona pamene pachita mbuu ngati nkhungu. Anati akathamanga kwambiri mphepo imalowa n'kumaimba mluzu, ndiye kuti galasilo latha, lifunika lina.

"Lili bwinobwino ili," ndinatero. "Mukungofuna kutionetsa."

Mkazi wanga, amene ankayanika zovala, anati za mluzuzo sangakhulupirire asanamve yekha. Adokotala anamutsegulira chitseko. Ndinatsala nditagwira beseni, ndikumvera mkokomo ukuzimiririka kumsewu.

Mkazi wanga anabwerako akuseka, duku lili m'manja.

"Mluzuwo ulipodi, bambo a mwana! Asinthe basi, lingawaphulikire kumaso."

"Nanga m'galimoto mwathu simunaumvepo mluzu, galasi lili lotsegula chonchija?"

Anandilanda beseni, akusekabe.

"Yathu ija iimbe mluzu bwanji? Mphepo imachita kutipitirira."