Mbale za tambala za Mayi Odile

Mayi Odile Ravisé ankagulitsa mbale zakale zadothi, zonyezimira, pamsika wa ku Cosne. Ntchitoyo anawasiyira ndi bambo awo, pamodzi ndi mawu ogulitsira: mbale iliyonse yoyera yojambulidwa tambala wopindika mchira ndi ya ku Nevers, mzinda wotchuka pa zoumba mbale. Aliyense ankatero, ndipo dzina limenelo ndilo linkakoka amalonda a ku Paris.

Ine ndine wokumba maenje. Chaka china anandiitana kwawo, m'mudzi mwathu mwa Saint-Aubrin, kuti ndikumbe chipinda chapansi chosungiramo vinyo. Dzenje litafika m'chiuno, fosholo inayamba kulira pa mapale. Mapale okhaokha, ena opserera, ena omatirirana, onse ali ndi tambala yemwe uja.

Mbale yowonongekera m'ng'anjo siyenda ulendo. Woumba amaitaya kuseri kwa ng'anjo yake. Choncho mbale za tambalazo zinkaumbidwa pomwepo, m'mudzi mwathu. Mayi Odile ankadziwa zimenezi kuposa ine.

Amuna awo, a Firmin, anasuzumira m'dzenjemo. "Kwirira, Anatole! Wakutuma ndani kufukula za akufa? Vinyoyo tizingomweratu, chipinda n'chachiyani?"

"Ngati kuti mumasungako," anatero mayiwo. "A Anatole, kwezani chidebe chimodzi kuno."

Mayi Odile anatsuka mapalewo okha.

Loweruka kumsika kunafika Bambo Lacaze, wamalonda wa ku Paris amene ankawagula kawirikawiri. Ananyamula mbale n'kuigogoda ndi chala.

"Ya ku Nevers, eti mayi?"

"Ya ku Saint-Aubrin."

"Kuti? Kumeneko kuli wansembe n'komwe?"

"Aliko, ndipo ndimakalapa kwa iyeyo."

"Mayi inu, ingonenani Nevers, ine ndinyamule zonse. Anthu anga sagula mudzi."

Mayi Odile anatulutsa mapale awiri omatirirana n'kuwaika patebulo. Bamboyo anawayang'anitsitsa, nabweza mbale ija, n'kupita patebulo lina pamene atambala anali adakali a ku Nevers.

Sindinganame kuti mayiwo zinawayendera bwino. Akatswiri anabwera kudzaona dzenjelo. Ena anavomereza kuti mbalezo n'za kwathu, ena akuti mwina woumba wa ku Nevers anasamukira kwathu, ndipo mpaka lero akutsutsanabe. Amalonda a ku Paris sanabwerere. Mayiwo anagawa tebulo pakati, mbali ina mbale, ina mazira ndi tchizi cha mbuzi, ndipo anagulitsa choncho mpaka miyendo inawakana.

Pamalo awo pamsikapo pali mwana wawo Solène tsopano. Amagulitsa tchizi chokha.