Nyerere Zimene Ndinasenza Kuchokera ku Zambia

Bwerani kuno nonse, khalani pansi! Iwe wa wailesiyo, tseka. Chete! Uchitsiru wanga muumve pakamwa panga, musakaumvere kuchitsime.

Matipate atangobwera kumene, ife a kufupi ndi Kachebere kuno tinadzala mitengo m'mbali mwa nkhalango yathu yakale ija. Anthu anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya mitengoyo, poti pakamwa ndili napo. Mitengo itafika m'chiuno, kunagwa timbozi tobiriwira, kudya masamba mpaka kutsala ndodo zokhazokha.

Alangizi a zankhalango anabwera pa njinga, ndi kamawu kawo kang'ono kaja: "Amayi, dikirani tikafunse kaye ku Boma. Musaikemo kanthu." Ine pamenepo: "Kudikira? Mbozizo mwaziuza kuti nazonso zidikire?" Anthu kuseka, ine kudzimva.

Mng'ono wanga anakwatiwa tsidya ilo, ku Zambia. M'mitengo yake ya mango muli nyerere zofiira, zija zimasoka masamba n'kupanga chisa. Iye akuti, "Achemwali, pamene pali izi mbozi siigona." Basi, ndinathyola zisa, kuponya m'thumba la feteleza, kusenza. Ndinadzera njira yakutchire, zikundiluma m'khosi, ine osalira. Kufika kuno ndinazipachika m'mitengo, komiti osaiuza.

Ndisaname, zinagwira ntchito. Mwezi usanathe, mbozi zonse psiti!

Koma ana inu, nyerere siidziwa malire. Zinaswana, n'kulowa m'nkhalango yakale, m'mitengo muja timatolamo matondo, mbozi zodyedwa zija, mvula ikayamba. Nyerere ingadziwe bwanji kuti iyi ndi mbozi yoononga, iyi ndi ndiwo za anthu? Zinadya zonse.

A Nabanda, mnzanga amene tinavinidwa limodzi, anali wamasiye, akulera zidzukulu zinayi. Matondo ndiwo ankawasunga: ena kudya, ena kuyanika n'kusinthitsa ndi chimanga. Chaka cha njala chija analowa m'nkhalango ndi ndowa, n'kutuluka nayo yopanda kanthu, manja atatupa ndi kulumidwa. Anadzakhala pakhonde langa: "Mnzanga, nkhalango yalodzedwa." Ine ndinangowathira mafuta m'manjamo.

Kenaka anthu anayamba kuloza matenanti a kuesiteti yoyandikana nafe, akuti alendowo ndiwo abwera ndi mankhwala oipa. Pamsonkhano anyamata akuti, "Tiyeni tikawagwetsere zisakasa!" Apo m'pamene ndinaimirira. "Ndine. Ndi nyerere zatha matondo, ndipo ndinazisenza ndekha pamutu panga pano."

Tinayesa kuotcha zisazo ndi miyuni, moto n'kutipulumuka, n'kupsereza mbali ina ya nkhalango. Nyerere zinatsala. Matondo mpaka lero ndi ongowerenga, ndipo ana anu ena sadziwa kukoma kwake.

Ndiye mvetsetsani. Chamoyo si khasu loti ukalima n'kuliimika pakhoma. Ukachitulutsa m'thumba sichibwereramo. Musanaike kachirombo m'nkhalango kuti kakadye kanzake, funsani: kakamaliza, kadzadya chiyani? Ndipo wina akati dikirani, dikirani, ngakhale mawu ake akhale aang'ono.

A Nabanda anasamukira kwa mwana wawo ku Boma. Tsiku lonyamuka ndinathamangira ngolo yawo ndi lichero la mtedza kuti ndipepese. Sanalandire. Ngolo ili uko, anatembenuka, mudzi wonse ukumva:

"Iwe wapampando! Njala ikadzakupweteka, ukakazinge nyerere zakozo!"